Tayala Limene Sindinayeze

Ine ndine telala. Munthu akabwera kudzasoketsa, ndimamuzunguliza tepi m'chiuno n'kumuuza nambala imene ndapeza, kaya akondwa kaya akwiya. Alipo amayi ena amene amakoka mimba, mpweya ataugwira, kenako n'kumati, "Lembani 34, asisi, mwezi uno ndikuonda." Ndimalemba 38, chifukwa tsiku la ukwati zipi ikakana kutseka adzatukwana ine. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti sindine munthu wopusitsika ndi manambala, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa mpaka lero.

Bambo anga ndi okonza njinga. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, simenti yake yakuda bii ndi girizi wa zaka makumi atatu, machubu akale ali lendelende pamisomali, masipanala ali m'chitini cha penti. Pa unyamata wawo ankapalasa pamipikisano, ndipo ine ndinakulira m'kachipinda kameneko, kuwapatsira zitsulo. Anzanga akuphunzira kuluka tsitsi, ine ndinkaphunzira kumata chubu. Ndili ndi zaka 19 ndinayamba kupikisana nawo, ndipo aliyense ankati mwana wa okonza njinga uja afika patali. Ndinafikadi: pa ukwati, kenako pa mimba, njinga n'kukwera pakhoma.

Mwana atakwanitsa zaka ziwiri, timu yaikulu ya amayi inalengeza kuti kumapeto kwa chaka idzasankha opalasa atsopano. Lamulo linali limodzi: makilomita 20, khumi kupita khumi kubwerera, munthu yekhayekha popanda womutchingira mphepo, ndipo asafike mphindi 34. Wokwanitsa alowa timu, apatsidwa njinga yeniyeni, ayenda nawo m'mipikisano ya kunja. Kusankha kwina kudzachitika pakatha zaka zitatu. Ine ndinali ndi zaka 33, ndiye masamu ake sanafune sukulu.

Amuna anga amakonza zamagetsi m'nyumba za anthu, ndipo salankhula zambiri. Nditawauza za timuyo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Chaka chimodzi. M'mawa uliwonse mwana ndizimusambitsa ndine, ndizimusiya kwa alamu anga popita kuntchito. Zikatheka, tiona pochita. Zikakanika, za mipikisano tisadzakambenso m'nyumba muno." Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndi amuna ochepa amene akanapereka ngakhale mwezi.

Bambo anatsitsa njinga, kuipukuta, n'kuimangirira kamita kanga kakale. Kamita ndi kawotchi kamene kamakhala pahandulo. Pasipoko imodzi ya tayala lakutsogolo pamakhala kamaginito, ndipo tayala likazungulira kamodzi, kamita kamawerenga kamodzi. Iko msewu sikaudziwa. Kamangodziwa nambala imene kanauzidwa, yoti tayala likazungulira kamodzi layenda mamilimita angati, ndipo pa nambala imeneyo kamakuuza liwiro lako ndi mtunda umene wayenda. Msewu wanga unali wotulukira m'tauni, wopanda zikwangwani za mtunda. Kamita kakati makilomita khumi, ndinkakhala nditafika pa thanki yaitali ya madzi, n'kutembenukira pomwepo.

Miyezi itatu yoyamba inali yamanyazi. Thupi limene labereka limakhala ndi maganizo akeake, ndipo langa linkafuna mpando. Ndinkadzuka kukungocha, kupalasa mpaka malovu kumveka chitsulo, n'kubwera kudzalemba m'kope mphindi ndi masekondi: 38:10, 37:45, 37:50, 37:30. Pa 37:30 ndinakhalapo milungu isanu ngati ndamangapo nyumba. Atsikana a zaka makumi awiri amene ndinkakumana nawo mumsewu ankandipitirira akucheza za tsitsi, n'kumakuwa kuti, "Limbani, Anti!" Kuntchito, matelala anzanga awiri amene timagawana chipinda ankandiona ndikuponda makina mwendo ukunjenjemera, n'kumati ndizipalasa makinawo, mwina iwo andifikitsa kunja.

Loweruka lina ndinalowa m'shopu ya Bambo, njinga ndinaigwetsa dala pansi, n'kukhala pakireti kulira ngati mwana.

"Ndasiya, Bambo. Ndakalamba. Chinthu ichi mundigulitsire."

Iwo anaimirira. Anadzutsa njinga ija, kuzunguza tayala, kumvetsera kulira kwake.

"Wakalamba ndiwe kapena matayalawa?" anatero. "Malimu awa ndi olemera ngati a ngolo. Ndipatse masiku atatu. Ukadzayesa kamodzi n'kulephera, ndidzakugulitsira ndekha."

Tsiku lachitatu ndinapeza njinga ija itasanduka ina. Malimu opepuka a masipoko ochepa, amene anasinthana ndi mnzawo wina wakale, matayala owonda ngati chala, tcheni chatsopano, chishalo atachikweza pang'ono n'kuchisunthira kutsogolo, mahandulo atawatsitsa kuti ndiziwerama mphepo izidutsa pamsana. Pahandulo panali kamita katsopano, kakale kaja atakaponya m'chitini. M'mawa mwake ndinapalasa, ndipo nambala imene inkavina pakamita sindinaikhulupirire. Makilomita khumi anakwana ndisanafike pathanki, pageti la fakitale yocheka matabwa. Ndinatembenukira pomwepo. Pofika, 35:50.

"Bambo, nanga bwanji khumi akukwanira pageti la matabwa? Kale amakwanira pathanki."

Iwo anali atawerama, akumata chubu cha kasitomala, ndipo sanadzutse mutu. "Kakale kaja kanatopa. Kamakudyera mtunda. Wakhala ukupalasa wopitirira, mwana wanga, n'kumadzida pachabe."

Ndinawakhulupirira. Mukanakhala inu mukanatani? Awa ndi munthu amene kasitomala akabwera ndi felemu yosweka amamuuza m'maso muli gwa kuti kataye, ngakhale akudziwa kuti ntchito yawathawa. Chibadwire ndinali ndisanawamvepo akunama, ngakhale bodza lija la makolo loti jekeseni sapweteka. Ndinawagwira dzanja la girizilo ndi manja awiri, ndikuseka ndi kulira pamodzi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinapalasa ngati wolodzedwa. Lolemba ndi Lachinayi chitunda: kukwera mphindi zitatu ndi mphamvu zonse, kutsika, kukweranso, kasanu ndi katatu, mpaka m'maso kuchita mdima. Lachiwiri ulendo wautali wofatsa. Loweruka kudziyesa makilomita 20 aja. Njinga tinaivula chilichonse chosafunika, belu, madigadi, ngakhale tizivindikiro ta mavavu, moti amuna anga anati tsiku lina adzapeza ndachotsa chishalo ndikupalasa choimirira. Malaya opalasira ndinasoka ndekha ndi nsalu yotanuka, popanda khwinya limene mphepo ingagwire. Anathina moti apongozi anga atandiona anayang'ana kumbali n'kufunsa ngati nsalu inatha pamsika. Ndinawayankha kuti inatha, ndipo yotsalayo anagula ndi anthu amene sapita kulikonse.

Kope linkadzaza: 35:20, 34:55, 34:30. Madzulo ndikamaliza kusoka ndinkalitsegula pamakina n'kumaliwerenga monga ena amawerengera makalata a chibwenzi. Tsiku limene ndinalemba 33:58 ndinathamangira kushopu ndisanasambe n'komwe, ndipo Bambo anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Ine ndinkati chimwemwe ndicho chawatseka pakamwa.

Mwa atsikana aja munali mmodzi amene tinazolowerana, woonda, wamtali, anzake ankamutcha Sipoko. Iye analibe kamita. Ankamangirira foni pahandulo ndi mphira, foniyo n'kumamuyezera. Tsiku lina tinapalasa limodzi, phewa ndi phewa, ndipo anafunsa, "Anti, kanu kakuti bwanji?"

"Makilomita 35 pa ola."

"Yanga ikuti 33 ndi theka. Wina akunama pamenepa."

"Foni yako imafunsa kumwamba, mwanawe, mitambo ikaphimba imangolota. Kanga kamawerenga tayala lenileni, ndipo anakamanga ndi munthu amene anayamba njinga amako asanabadwe."

Anaseka n'kunena kuti, "Chabwino, Anti," nkhani n'kuthera pomwepo. Madzulo ndinawafotokozera Bambo ngati nthabwala. Iwo anati mafoni ndi choncho, kenako anatuluka panja kukayang'ana njinga imene anali atamaliza kale kukonza. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo yanga ndinaimanga ndikuimba nyimbo.

Kutatsala milungu isanu ndi umodzi ndinali pa 33:20, ndiye kuti masekondi makumi anayi m'manja. Bondo lakumanja linali litayamba kudandaula, ndipo kuntchito kunali mulu wa mayunifolomu a sukulu. Sipoko anandiitana kuti tizikwera limodzi chitunda katatu pamlungu mpaka tsikulo. Ndinamuuza kuti chitunda ndi cha amene akusaka, ine ndinapeza kale. Ndinachepetsa, kamodzi pamlungu, masiku enawo kungotenthetsa miyendo. Bambo atamva anati, "Ukanapitiriza pang'ono."

"Chifukwa? Kope mwaliona."

"Ndaliona," anatero, n'kufunsa ngati mwana wasiya kutsokomola.

Tsiku la mayeso tinafika m'mawa pamsewu umene a timu anatseka. Tinalipo amayi 23. Akochi a timuyo, bambo wamfupi wa mawotchi awiri m'khosi, ankatinyamutsa mmodzimmodzi, mphindi imodzi pakati. Amuna anga anaima kutsidya, mwana ali paphewa. Bambo anapopa matayala, kupukuta tcheni, kuyesa mabuleki kawiri, katatu, kanayi. Ndinawaseka.

"Kodi mukupalasa ndinu kapena ine?"

"Tamvera," anatero motsitsa mawu. "Lero unyamuke ndi liwiro la 38. Ugwire 38 mpaka potembenukira."

"38? Kuti ndikafere panjira? Si inu nomwe mumati wonyamuka ndi moto amabwera ndi phulusa? Mumati usayang'ane anthu, yang'ana nambala yako. Nambala yanga ndi 36. Ndikagwira 36 ndifika pa 33:20, basi."

Anatsegula pakamwa. Ndimawaonabe mpaka pano, pampu ili m'manja. Panangofunika mawu awiri kapena atatu. Akochi anaitana nambala ya pamsana panga, ndipo Bambo anangoti, "Pita bwino, mayi."

Ndinanyamuka bwino kuposa tsiku lina lililonse. Mphepo inali itagona, phula losalala, miyendo yopepuka. Kamita kakafika 37 ndinkadziletsa ndekha, kubweza mphamvu, n'kumadziuza kuti 36, iwe, 36, usadye mbewu. Ndinkamva kuti m'miyendo muli zambiri zosunga, ndipo ndinkanyadira nzeru zangazo. Kamita katati makilomita asanu ndi anayi, ndinayamba kuyang'ana mbendera yofiira yotembenukira. Kanati khumi, nthawi 16:40, ndendende monga m'kope. Mbendera panalibe. Panali msewu wokhawokha, ndipo kutsogolo uko kadontho kofiira, munthu ataima pambali pake.

Poyamba ndinati a timu alakwitsa kuyeza, ndipo ndinawatukwana mumtima ndi mawu amene sindingalembe. Kenako, ndikupalasabe, ndinaona kuti mtunda wotsala patsogolo pangawo ndikuudziwa. Unali womwe uja wa pakati pa geti la matabwa ndi thanki ya madzi. Mbendera ndinaizungulira pa 17:25.

Chimene ndinachita pobwerera sindinachitepo m'moyo wanga. Kamita sindinakayang'anenso. Ndinagwetsera tcheni pagiya yolemera, kuluma mano, kukhuthula zonse zimene ndinkasunga zija. Ndinapitirira atsikana awiri amene ananyamuka ine ndisananyamuke, ndipo palibe amene anakuwa zoti Anti. Bondo linalira, ndinaliuza kuti likalirire kunyumba. Pamzere womaliza ndinadutsa ndisakuona bwino, ndinatsika n'kukasanza m'ngalande.

Akochi anabwera ndi pepala lawo. "34:19. Pepani, mayi." Anayang'ananso pepalalo n'kupukusa mutu. "Koma inu mwandidabwitsa. Kupita munapita ngati mukukagula tomato, kubwera ngati nyumba ikupsa. Mphamvu zimenezi mukanazigawa bwino mukanalowa. Anakuphunzitsani kupalasa chonchi ndani?"

Ndinacheuka. Amene anandiphunzitsa anali ataima poteropo, akupinda ndi kupindula kansanza ka girizi. Analowa anayi tsiku limenelo, Sipoko ndi 33:52. Anabwera kudzandikumbatira akulira, ndipo ndinamuuza kuti asandinyowetse malaya, apite akasangalale ndi anzake.

Kunyumba sindinapite. Ndinauza amuna anga kuti atsogole ndi mwana. Ine ndinakankha njinga, kudzera kuntchito kwanga kutenga tepi ndi choko, n'kulunjika kushopu ya Bambo, iwo akunditsatira m'mbuyo ngati mwana amene waswa mbale. M'shopu ndinaimika tayala lakutsogolo vavu ili pansi, kulemba mzere pasimenti, kukankha njinga mpaka vavu itabwereranso pansi, kulemba mzere wina. Tepi yanga ndi ya mita imodzi ndi theka, ndiye ndinayeza mbali ziwiri n'kuphatikiza. Mamilimita 2105. Ntchito yonseyo sinathe mphindi ziwiri. Ine amene ndimayeza ziuno za anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, miyezi isanu ndi itatu ndinali ndisanayeze tayala langa. Kenako ndinadina mabatani a kamita mpaka kanaonetsa nambala imene kanauzidwa.

"Bambo, werengani apa."

"Ndikuidziwa."

"Werengani mokweza. Mwina maso anga ndi a foni, amalota."

"2200," anatero.

"Munalakwitsa podina?"

Ndinafunsa dala. Ndinawatsegulira khomo kuti atulukirepo, ndipo akanati inde, chala chinaterera, ndikanameza, chifukwa ndinkafunitsitsa kumeza. Koma bodza linawathera pa nthawi imene ndinkalifuna. Anakhala pakireti, manja ali pakati pa mawondo.

"Sindinalakwitse. Tsiku lija unagwetsa njinga apa, ndinaona kuti wapita. Malimu aja akanakupatsa masekondi makumi awiri, osapitirira, ndipo makumi awiri sakanakubweza. Ndiye ndinati ndiwonjezere pang'ono, mtima ubwerere, kenako ndizichotsa pang'onopang'ono iwe osadziwa, uku ukulimba."

"Ndiye munachotsa zingati?"

Anazyolika. "Loweruka lililonse ndinkati lero. Ndiye umabwera ndi kope lija, nkhope ili ngwee. Ndikanachotsa, mlungu wotsatira ukanaona kuti wabwerera m'mbuyo. Ukanati bondo, ukanati ukalamba. Ndinaopa."

"Munaopa chiyani? Kuti ndilira? Ndalira lero, mwafa?"

"Mwana wanga..."

"Sipoko ananditsina khutu, inu munati mafoni ndi choncho. Ndinasiya chitunda, inu munafunsa za chifuwa cha mwana. M'mawa uno, Bambo, m'mawa womwe uno, ndinali pamaso panu. Mukanangoti kamita kamanama. Ndikanakunenani zoipa, inde, koma ndikanapalasa. Masekondi 19! Ndinali nawo m'miyendo, ndinkawabweza ndekha ngati chitsiru, poti nambala yanu inati ndafika."

Apa anadzutsa mutu, ndipo mawu awo analimba. "Nanga ndikanapanda kutero? Ukanasiya mwezi wachitatu. 34:19 imeneyo sukanaiona n'komwe. Kuchoka pa 37 ndi theka kufika pamenepo ndi miyendo yako, sindikukana, koma chimene chinkakudzutsa m'mawa uliwonse ndi bodza langa lomwelo. Undide, koma usaiwale zimenezo."

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mwina ananena zoona, ndipo sindidzadziwa. Mwina ndikanasiyadi, n'kubwerera pamakina anga ndi mtima umodzi, ndikudziwa kuti ndinayesa ndipo thupi linakana. Mwina ndikanalira masiku awiri n'kukweranso, n'kukafika pa chitunda chija ndi mkwiyo wa munthu amene akudziwa kuti akuperewera. Ziwiri zonsezo zikanakhala zanga. Koma iwo anaona mwana wawo akulira, zinawapweteka iwo, ndiye anadzipezera mankhwala a ululu wawo n'kundimwetsa ine. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma nkhwali ija chifundo chinali chake chomwe. Ine sindinapemphe chifundo kwa munthu.

"Kusiya kukanakhala kwanga, Bambo," ndinatero. "Munandilanda ndi kumeneko komwe."

Ndinatenga pulayazi yawo, kudula timawaya, kamita n'kukaika pabenchi. Njinga ndinatuluka nayo.

Kunyumba amuna anga anamva zonse, mwana akugona pamwendo pawo. Nditamaliza anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Ngati ndi choncho, chaka chija sichinayende bwino. Mawu anga aja ndikhoza kuwabweza. Mukafuna..."

"Ndifune chiyani? Zaka zitatu? Ndidzakhala ndi zaka 36, bondo ili lili ndi 60."

Sanatsutse, poti iwo ndiye sanama. Mawa lake ndinatsegula kope lija. Kupatula oyambirira aja, masamba onse anali a mayi wina amene sindimudziwa, wothamanga, wamatama, woseka mafoni a anzake. Ndinayesa kukonza manambala ake ndi masamu, tsamba limodzi, awiri, kenako ndinasiya. M'miyezi isanu ndi itatu ija nthawi yanga yoona inali imodzi yokha, ya papepala la Akochi, ndipo ndi yomweyo imene inanditaya. Kopelo tsopano ndimalembamo miyezo ya makasitomala, kuyambira kumapeto.

Njinga sindinaigulitse. Ndinabwezeretsa belu ndi madigadi, ndipo ndimapitira kuntchito. Bambo sindinawanyanyale ayi, ndinaleredwa bwino. Akadwala ndimapita, mdzukulu wawo amamuona, moni ndimapereka ndi manja awiri. Achibale amati zinatha, madzi akatayika saoleka, ndipo ndimavomera kuti saolekadi.

Patatha miyezi iwiri ndinagwera m'dzenje la mumsewu, limu lakumbuyo n'kupindika. Linkakhula buleki moti kupalasa kunakanika, ndiye ndinatsika n'kumakankha. Njira yake inadutsa pashopu ya Bambo. Anali panja, atakhala pakireti, ndipo anamva kukhulako ndili patali. Ndinawaona akuimirira msangamsanga ngati mnyamata, kupukuta manja pa ovololo, kupisa m'thumba n'kutulutsa kasipanala ka masipoko. Pamene ndinkafika, dzanja lawo linali litatambasuka kale kuti ligwire handulo.

"Mwaswera bwanji, Bambo?"

"Ndaswera, mayi. Limu lakumbuyo, ndalimva uli uko. Bweretsa, mphindi zisanu."

"Zikomo, Bambo. Musavutike."

Handulo ndinaisunthira kumbali pang'ono, dzanja lija linagwira mphepo, ine n'kupitirira.

Pakona, pafupi ndi pomwetsera mafuta, pamakhala bambo wina wokonza njinga pansi pa lata limodzi. Zida zake ndi pulayazi, nyundo ndi chikhulupiriro. Ndinamupatsa njinga. Anaigadabuza, chishalo pafumbi, n'kuyamba kupotoza masipoko ndi pulayaziyo, uku akumanga, uko akumasula, limu likungosamutsa phiri lake kuchoka mbali ina kupita ina. Ndinaima pomwepo theka la ola, mano ali lumelume, ndikuona malimu opepuka aja akuchitidwa chipongwe. Mtima unkandiwawa, ndipo sindinganame kuti ndinamva kukoma kulikonse. Nditacheuka kamodzi, Bambo anali chiimire pakhomo la shopu, kasipanala kali m'manja.

Pomaliza munthu uja anazunguza tayala, kuliyang'ana ndi diso limodzi, n'kupukusa mutu.

"Mayi, ine nzeru zanga zathera apa. Silinawongoke bwinobwino. Lizikhulabe pang'ono."

"Mwanena zoona?"

"Nanga ndikunamizireni chiyani? Mumva nokha mukakwera."

"Zikomo," ndinatero. "Ndizibwera konkuno."

Ndinakwera, limu likukhula buleki pang'ono pa kuzungulira kulikonse, ndipo ndinadzera msewu wakumbuyo kuti ndisadutsenso pashopu.